Loweruka, Sungeni Akalola

Lakisoni wayala mapu pafoni,
chala chake chikuwoloka mitsinje osanyowa.
Akuti ku Magaliesburg ndi pafupi, ola limodzi ndi theka,
akuti ukangodutsa Krugersdorp thambo limatseguka
ngati chitseko cha kwa mnzako.
Ine mtunda ndikuuwerenga mwanga:
kuyamwitsa kawiri, thewera limodzi,
ndi kulira kuja kosadziwika mutu wake.

Sungeni ali ndi miyezi isanu.
Dziko lake ndi chipinda chino cha ku Rosettenville,
zitsulo za pazenera zodula dzuwa m'zidutswa zisanu ndi chimodzi,
mahutala a matekisi, wailesi ya anthu a pansi,
fungo la parafini magetsi akathawa.
Mtengo amadziwa umodzi, jakaranda wa pakiliniki,
umene unamugwetsera duwa pachipumi tsiku la katemera
iye n'kuyetsemula.

Ndikulemba kuseri kwa lisiti la magetsi.
Matewera khumi. Ayi, khumi ndi awiri.
Chitenje cha mbalame chija, kachipewa,
khadi la sikelo, mapasipoti athu,
pakuti msewu wa kuno umafunsa mafunso
ngakhale kwa munthu wongopita kukaona phiri.
Buledi, mazira owiritsa, tiyi m'fulasiki,
mankhwala a mano amene sanamere.
Pepala latha, zinthu sizinathe.
"Kodi tikusamuka?" akuseka mwamuna wanga,
amene katundu wake yense ndi thumba la makala.

Galimoto ndi ya Che Ajusa a ku Mayfair,
inali yofiira kale, pano ikufanana ndi chulu.
Atibwereka ndi malamulo atatu:
isadutse handiredi, imwe madzi isanakwere chitunda,
ibwerere dzuwa lisanalowe.
Kampando ka mwana tinagula kwa mayi wa ku Bulawayo wa nambala seveni,
dzulo tinalimbana nako mpaka usiku,
malamba ake ngati mlandu wa malire a munda,
ukamasula apa, pamangika apo.
Mtima wanga sukumvetsabe:
mwana kumangidwa payekha, kuyang'ana kumene tachokera,
msana wanga uli pomwepo, wopanda ntchito.

Mvula ya ku Joni ilibe ulemu,
imafika cha m'ma folo ndi matalala onga mazira a njiwa.
Choncho tinyamuka mbandakucha,
alonda a mausiku akuwotha moto wotsiriza m'migolo.

Mayi pafoni akuti, mwana wa mkaka kutchire?
Mphepo idzamulowa paliwombo.
Ndawakumbutsa kuti ine anandigoneka m'munda wa mtedza ku Mchinji
ndisanathe miyezi iwiri, khasu likulira pambali.
Akhala chete, mayunitsi akutha.
Kenaka: umuveke masokosi.

Sindikufuna zambiri.
Mthunzi umodzi wopanda mpanda wamagetsi,
madzi oyenda okha osawerengedwa ndi mita,
mbalame imene dzina lake tidzakanganirane,
iye akuti ndi pumbwa, ine ayi.
Ndipo ndidzamuvula masokosi aja, mayi asakuona,
ndimupondetse pansi,
ndione nkhope imene adzapange
udzu ukamugirigisha kuphazi koyamba.
Sadzakumbukira, Lakisoni wanena kale.
Ndikudziwa.
Mwina amene akufuna kuponda dothi ndine,
zaka zinayi ndikukolopa matailosi a eni ake ku Sandton,
koma munthu wamkulu sanena zotere,
amanena kuti ndi za mwana.

Tsopano leveni yadutsa.
Zikwama zitatu zaima pakhomo ngati alendo oyembekezera basi.
Lakisoni wagona, foni ili pachifuwa,
kamzere kabuluu ka msewu kakuwalabe.

Sungeni watsokomola kamodzi.

Ndaima mumdima, cholembera m'manja,
ndikumvetsera
ngati atsokomolenso.