Utsi Usanathawe

M'galaja ya ku Booysens, magetsi atangobwerera,
ndawerama pa injini ya masilinda asanu ndi imodzi,
onse pamzere umodzi
ngati ife m'mawa podikira takisi ku Bree.

Sapuma nthawi imodzi.
Yoyamba ikatsokomola imayankha yachisanu,
kenako yachitatu, yomaliza, yachiwiri, yachinayi.
Ndondomekoyi ndinailoweza
ndisanadziwe kupereka moni m'Chizulu.

A Likongwe, amene anandigwiritsa ndodo yowotcherera,
ankati utsi uli ndi khalidwe la anthu:
ukakumana pamphambano yopapatiza umakankhana,
wina nkubwerera kumene wachokera.
Choncho atatu akutsogolo ndawapatsa njira yawo,
atatu akumbuyo yawonso,
mapaipi opindika ngati matumbo a mbuzi
koma ofanana kutalika,
kuti mpweya wotentha uzifika motsatana
pakhomo la kankhono kachitsulo kotchedwa tabo.

Mmenemo muli kagudumu kochepa ngati chikhatho changa.
Chimene ena amataya kumbuyo kwa galimoto
kameneka kamachilandira,
nkuzungulira mpaka kulira likhweru,
mnzake kuseri nkumakoka mpweya watsopano
ndi kuupakira m'kamwa mwa injini.

Paja Joni anamangidwa pamwamba.
Mpweya wake ndi wopepuka, sukhutitsa;
injini imabanika
monga ndinkabanikira ine chaka choyamba
pamasitepe a ku Hillbrow, chikepe chitafa.

Dzulo Refilwe anabwera, chipewa champikisano m'khwapa.
Akuti potuluka pakona akaponda moto
galimoto imayamba yaganiza kaye.
Kamphindi kokha, akutero,
koma mnzake wa V8 amakhala atadutsa.
Sindinatsutse. Utsi ukayenda ulendo wautali umazizira,
ukazizira umafika wolefuka.
Ndadula zala ziwiri papaipi iliyonse,
ndawotcherera, ndakulunga nsalu yosunga kutentha.
Pamkono pawonjezeka chipsera china.

Loweruka ku Kyalami dzina langa silidzamveka.
Ndidzaima kuseri kwa waya, pakati pa matayala akutha,
maso otseka,
kumvetsera ngati likhweru lija likudzuka msanga.
Madzulo adzatsegula boneti,
zitsulo zikuthetheka pozizira,
anthu nkumajambula woyendetsa.

Tizidutswa tomwe ndinadula tili m'thumba la ovolosi.
Timalira ndikamathamangira takisi yomaliza.