Tizitsulo ta m'Piyano

Anandiitana Lachinayi,
chipale chofewa chikusungunuka m'misewu ya Kharkiv.
Mayi Yaryna, mphunzitsi wa nyimbo, anati,
"A Myron, bwerani mudzaione. Mwina ikadali ndi moyo."
Amanena piyano.

M'mazenera munali mapulanga okhaokha.
Khoma lakum'mawa linali ngati nkhope ya wodwala nthomba.
Mzinga sunagwere pasukulu ayi,
unaphulikira m'mwamba, pafupi ndi pokwerera basi,
n'kumwaza zimene unanyamula.

Ndinatsegula chivundikiro, tochi nditaluma ndi mano.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikupisa m'mimba mwa mapiyano.
Ndapezamo mapensulo, makobidi akale, chisa cha mbewa,
tsiku lina kalata yachikondi yosatumizidwa.
Tsiku limeneli ndinapezamo kachitsulo
kochepa ngati nsonga ya chala,
mbali zake zofanana, ngodya zowongoka bwinobwino.
Kachiwiri kanadzikwirira m'thabwa.
Kachitatu kanadula nsambo ziwiri n'kugona pansi phee.

Galasi limasweka mwachisawawa,
njerwa imagumuka mmene yafunira,
koma tizitsulo iti tinadulidwa kale tisanauluke.
Kwinakwake kuli munthu amene anatiyeza,
wa manja osamala ngati anga.
Mwina amavala magalasi.
Mwina amamwa tiyi wopanda shuga n'kumadandaula msana,
madzulo n'kusamba m'manja ndi sopo, mafuta a makina achoke,
asanagwire mwana wake.
Ine ndimayeza kuti nsambo zimvane.
Iye amayeza kuti pasatsale mpata
woti munthu wodikira basi n'kubisalamo.

Ndikanakonda kungodana naye basi.
Koma maso anga aumisiri anaona kuti ntchitoyo ndi yosalala,
ndipo ndinachita nawo manyazi masowo.

Mayi Yaryna anabweretsa botolo la jamu lopanda kanthu.
Ngwe. Ngwe. Ngwe.
Pofika masana munali khumi ndi tiwiri.
"Nditaye?"
"Sungani," ndinatero, osadziwa kuti asungire yani.

Cha m'ma folo kunabwera Solomiya, wa zaka khumi ndi chimodzi,
chikhoti chikumukulira,
dzanja lamanzere atalifukata ngati kamwana ka mphaka.
Anasuzumira m'botolo muja.
"Kanga kali apa," anatero, akuloza kunsi kwa phewa.
"Adokotala akuti kakhale komweko,
kukachotsa n'koopsa kuposa kukasiya.
Kukazizira ndimakamva."
Ananena ngati akunena za dzino logwedera.

Ndinasintha nsambo zisanu.
Yachisanu ndi chimodzi ndinalibe,
zamtundu umenewo zimachokera kutali
ndipo masiku ano njira zonse zatalika.
Choncho patsala batani limodzi chakumanja
lomwe ukalidina limangoti thi,
ngati kugogoda pakhomo la anthu osamuka.
Ndinamuonetsa. "Ili uzilidumpha."

Anakhala pampando, nayamba ndi dzanja lamanja lokha.
Atafika pamenepo sanadumphe.
Analidina, nadikira nthawi yake yonse
milomo ikuwerenga,
kenako n'kupitiriza.
Dzanja lamanzere linalowa mochedwa pang'ono, motsimphina,
ndipo likagunda mawu okhuthala
botolo linkanjenjemera pamwamba pa piyano,
tizitsulo tikuyankha chapansipansi.
Palibe analichotsapo.

Ndikutseka chikwama, kunja sayirini inayamba kulira.
Khutu langa, chitsiru ichi,
linathamangira kumva kuti mawu ake aphotchoka pang'ono,
ngati kuti nayonso ndikaikonze.

Tinatsikira kuchipinda chapansi, masitepe makumi awiri ndi atatu.
Mayi Yaryna ananyamula makiyi ndi bulangeti,
ine zipangizo zanga.
Solomiya anabwera pomalizira,
botolo lija atalipanira m'khwapa mwa dzanja labwinolo,
likulira pa sitepe iliyonse.