Njinga za Waya

Ndinayamba pothawa tulo.
Ulonda wa ku Area 47 ndi wautali:
geti, galu, mpanda wamagetsi ukung'ung'udza wokha,
ndipo pakati pa usiku zikope zimalemera kuposa chibonga.
Ndiye ndinatola waya wotsala
pomwe amisiri anamangira khola la nkhuku za abwana,
ndinamupinda ndi pulayala yobwereka.
Pomwe kunja kumayera
m'dzanja langa munali njinga,
chishalo chake cha mphira wa patapata.

Sindinaiikire mtengo.
Ndani amaika mtengo pa kuyasamula?

Yachiwiri ndinapatsa Ulemu, chitsirizira wanga.
Yachitatu anaiona mlendo wa abwana, mayi wa magalasi.
Anakankha gudumu ndi chala, linazungulira,
nati, Mumagulitsa bwanji?
Ndinaseka, ndinakanda pansi pa chipewa.
Anasiya masauzande atatu pa njerwa
ngati wosiyira mbalame madeya.

Kwathu ku Chinsapo, Esinala anaziwerenga kawiri.
Anang'amba tsamba m'kope lakale la mwana
nadula mzere pakati: uku zolowa, uku zotuluka.
Waya wa ku Malangalanga, mwakuti.
Penti, mwakuti. Minibasi popita ndi pobwera.
Nanga maola anga? ndinafunsa.
Maolawo ndi a abwana, anatero,
amakulipirani kale kuti musagone.

Loweruka lina ndinayala chitenje
pafupi ndi positi ofesi ya m'tauni,
kumbuyo kwa anyamata a ziboliboli.
Njinga zisanu ndi imodzi, ndege ziwiri, thirakitala.
Ola silinathe,
anafika wa khonsolo, buku la matikiti m'khwapa,
nsapato zake zafumbi zitaponda mphonje ya chitenje.
Achimwene, bizinesi imadula tikiti.
Ndinati, Iyi si bizinesi, ndikungotaya nthawi.
Anati, Nthawi yanuyo mukuitaya pa zingati?
Ndinatchula mtengo.
Anang'amba tikiti.

Mwezi watha Mayi Kaliwo a kashopu ka kuhotela
anaitanitsa makumi asanu.
Zofanana zonse, msinkhu umodzi,
penti wakuda, wofiira ndi wobiriwira,
zifike mwezi usanathe, ndalama zidzalowa pa foni.
Esinala analulutira mpaka aneba anasuzumira.
Ine usiku ndikupinda, ndikuwerenga,
khumi ndi zinayi, khumi ndi zisanu,
chala chachikulu chang'aluka, ndachikulunga selotepi,
galu akundiyang'ana ngati mlendo.
Tulo tija ndinkatithawa
tandipeza tsopano, nditapanikizika pakati pa ntchito ziwiri.

Anzanga a ziboliboli amati malire ndi tikiti.
Esinala amati ndi tsiku limene unayamba kulemba.
Ine sindikudziwa bwino.
Ndangoona kuti kale waya ankandifunsa,
Lero tikupita kuti?
Masiku ano amangogona pa bondo langa,
kudikira muyeso.

Komabe ilipo imodzi pansi pa chikwama,
yokutidwa ndi sokosi yakale.
Ndimaitulutsa cha m'ma folo koloko,
galu atapinda mchira, msewu wa ku Mchinji uli zii.
Gudumu lakumbuyo ndinalikhotetsa dala.
Pakaliyala pali mtolo wa timitengo ta machesi
wotalika kuposa mwini njinga,
ndipo mwiniwakeyo sanakwere, akukankha,
mutu pansi, phewa pa handulo,
momwe bambo anga ankafikira kuchokera ku Dzalanyama
ndi nkhuni zogulitsa ku Mchesi,
malaya atamatirira pamsana.
Miyezi itatu tsopano, khosi lawo likundikanikabe.
Ndikalipinda limaoneka la munthu wogonja,
pomwe iwo ankangoyang'ana mayenje.

Dzulo Esinala anaipeza pofuna chenji.
Anaitembenuza, anaiyang'ana nthawi yaitali,
bolopeni ili kukamwa.
Nanga iyi ndiilembe mbali iti?

Ndinati, Isiyeni kaye.
Ilibe mabuleki.