Chitseko cha Kumanzere

Pijo 404 ya malemu bambo yakhala pa njerwa
zaka khumi ndi zinayi kuseri kwa nyumba ku Ulongwe,
nkhuku zikuikira mazira pomwe ankaponda buleki.
Injini, Fulujensiyo akuti idzatsokomola ndithu.
Chondisowetsa tulo ndi chitseko cha kumanzere
chomwe dzimbiri linadya kuyambira pansi
ngati chiswe pa nsichi.

Ndinasolola ulusi pa thumba la feteleza.
Mfundo yoyamba ndinamanga pa hinji ya pamwamba,
yachiwiri pa ya pansi,
yachitatu pomwe mzere wa m'nthiti umapindikira.
Ulusi m'chikwama, ndinakwera shapa ya mbandakucha.

Ku Moatize, fumbi la malasha likukukutika m'mano,
mnyamata wa ziphapha analumbira pali mayi ake:
"Dona, Pijo ndi Pijo basi."
Ndinagoneka ulusi pa chitsulo chake.
Mfundo yoyamba inavomera,
yachiwiri inaphonya ndi zala ziwiri.
Ichi chinali cha mng'ono wake, wobadwa pambuyo,
nkhope ya kubanja koma mapewa ena.
"Tiboola pena," iye anatero, "tikhoma, chilowa."
Nsapato yolowetsa mokakamiza ndinaivalapo kusukulu,
ndikudziwa matuza ake.

Fulujensiyo anandilangiza, akupukuta girizi m'ndevu:
boneti ndi madigadi, saluni ndi pikapu zimabwerekana
ngati ana a bere limodzi;
kuyambira kumsana kwa mpando, aliyense kwawo.
Usamvere utoto, utoto ndi wabodza.
Werenga mabowo a mabawuti,
gogoda ndi khonyo la chala,
pomwe palira ngati dzungu pali phala lobisa bala.

Ku Matundo, pafupi ndi mlatho,
dzuwa likuwamba ngakhale mthunzi,
ndinagogoda zitseko zisanu ndi chimodzi.
Zinayi zinali maungu.
China chinali chabwino, chosalala, cha chaka chake,
koma cha kumanja.
Ndinakhala pa tayala n'kuseka ndekha
mpaka mlonda anandibweretsera madzi.

Anandilondolera ndi mayi wa kabichi pa msika wa ku Tsangano.
"Chitseko chokhala ndi chogwirira chonga supuni?
Kafunseni kwa a Evarisito, chikutsekera nkhumba."

Ndinachipezadi, chobiriwira, chomangidwa ndi waya,
mphuno za nkhumba zitachipukuta mpaka kuwala m'munsi.
Ndinagwada m'matope.
Yoyamba, eya.
Yachiwiri, eya.
Pa yachitatu dzanja linanjenjemera, ndinayambiranso.
Eya.
Ndinapukusa chogwirira cha windo
ndipo galasi linakwera, likulira mchenga,
lathunthu.

Pansi pa galasilo panali timabowo titatu
toti chala chankombaphala chimalowa bwino,
milomo yake yopindikira m'kati.
Awa sanali a mabawuti.
A Evarisito anayang'ana kuphiri.
"Msewu wa ku Zobwe, nthawi ya nkhondo," anatero.
"Ine ndinali pa chiwongolero."
Sindinafunse amene anakhala kumanzere.

Ndalama anakana.
Anati ndiwakhomere chitseko cha matabwa
nkhumba zingalowe m'dimba,
ndiponso tsiku lomwe galimoto idzayenda
ndidzawatengere mbewu ya kachewere ku Domwe
iwo atakhala kutsogolo.

Lachiwiri tinachikweza, ine ndi Fulujensiyo.
Mabawuti analowa ndi zala zokha,
sipanala inangomalizitsa.
Mzere wa m'nthiti unachoka pa madigadi,
unawoloka chobiriwiracho osapunthwa
n'kukafika kumbuyo ngati sunadukepo.
Ndinakankha pang'ono.
Khu!
Mawu omwewo a m'mawa bambo akupita kumunda,
mpaka mayi anasuzumira pa zenera.

Fulujensiyo wasakaniza kale phala pa kabolodi,
akuti timate timabowoto, tipake zonse mtundu umodzi.
Ndamuuza adikire Loweruka.
Mwini wake abwere kaye,
akhale pampandopo, atseke yekha,
anene ngati timate.