Mailo

Pa chipata cha Mwami mnyamata wa jekete lofiira
anandisinthira ndalama kuseri kwa thiraki ya simenti.
Ndinampatsa mpukutu wonenepa,
iye anandibwezera timapepala tisanu.
Zonsezi ndi kwacha, achimwene, anatero,
koma inayo inadya bwino paubwana.

M'thumba ndinali ndi kope la malemu bambo,
mayina atatu olembedwa ndi pensulo:
Zelipa, ku Kapata, kuseri kwa chigayo.
Laitoni, ku Katete, mufunse osoka nsapato.
Lachitatu linadyedwa ndi thukuta,
kunangotsala Ti, ndi mawu oti Chadiza.

Wanjinga anandikweza chitunda ataimirira,
msana wake ukulemba mapu pa malaya.
Chigayo chija pano amagulitsiramo mafoni.
Mayi wa chikanda, mpeni uli m'manja, anati:
A Zelipa anali pano mailo.
Mnzake wa tomato anati: Abwera mailo.
Ndinayesa akundiseka,
osadziwa kuti kuno dzulo ndi mawa
amafunda bulangete limodzi.

Azakhali anafika ndi basi ya usiku,
nandigwira makutu onse awiri
ngati akusankha mphika pamsika.
Awa ndi a kwathu, anatero, kenaka analira.
Ndinagona pa mpando wa masipuling'i othyoka,
adzukulu akubwereza mawu anga kukhitchini,
akuti ndimayankhula ngati Baibulo.

Ku Katete Laitoni anali m'chipatala cha mishoni,
mwendo uli m'mwamba, ngolo ya thonje itamugwera.
Ndinamufunsa za dzina lofufutika.
Anayang'ana kudenga nthawi yaitali,
nati, Nthochi wabweretsazi nzosapsa.
Kenaka: Ukatsike pa sitolo yobiriwira,
ukafunse Tikambenji.

Msewu wa ku Chadiza unandisefa ngati ufa.
Ndinakhala pa thumba la mpendadzuwa,
nkhuku ya munthu wina ili pamiyendo.

Ndinamupeza akuswa mtedza pa mkeka,
mayi wondiposa ndi zaka khumi kapena kuposerapo.
Sanafunse kuti ndine yani.
Anakweza mutu, ndipo ndinaona
mpata wa mano a bambo,
chala chaching'ono chopindika chomwecho,
ngakhale kakhosomoledwe asanayambe mawu.

Anachoka ndili ndi zaka zinayi, anatero,
anandigulira nsapato zazikulu, zoti ndikuliremo,
nati abwera mailo.

Mawu onse amene ndinakonza m'basi anathawa.
Ndinangoti, tinawaika mwezi wa Juni,
kunkazizira, anthu analipo ambiri.
Anandikankhira lichero ndi phazi.
Tinaswa mtedza mpaka manja kuyera,
makoko akuwunjikana pakati pathu.

Pobwerera, wa pachipata anatsegula pasipoti:
Munabwera kudzatani?
Kudzaona abale.
Mwawapeza?
Anadinda ndisanayankhe.
Kope lija ndinalisiya ku Chadiza,
ndipo mtedza wa mchemwali wanga
unali kulira m'chikwama njira yonse ya ku Mchinji.