Benchi ya Kumbuyo

Anatsika basi ya ku Naryn Lachinayi lina,
nsapato zitamata matope, chipale chili m'tsitsi.
Tinamupatsa tiyi, tikumuyang'ana cham'mbali.
A Sabyrbek, ahedi athu, anandinong'oneza pakhomo:
"Musadandaule, mlendo ndi mame."

Ine ndinali nditaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
m'chipinda chomwechi, pansi pa mapiri omwewa.
Iye, Cholpon, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri.

Sanandiuze kanthu.
Anakakhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi mbaula ya malasha,
mawondo akugunda desiki,
n'kumadontheza pensulo papepala.
Lachinayi loyamba, ziii.
Lachiwiri chimodzimodzi.
Ndinayamba kumva mawu anga omwe
monga munthu amvera nsapato zake m'nyumba ya eni.

Lachitatu lake anandipatsa pepalalo.
Anali atajambula chipinda changa,
desiki iliyonse kabokosi,
kadontho paliponse pamene ndinaloza mwana kuti ayankhe.
Kutsogolo kunali bii, ngati nyerere pa shuga.
Chakuwindo, kumbuyo, mbee.
Kabokosi ka Aizirek, mwana wa woweta mahatchi,
kanalibe ngakhale kadontho kamodzi.

Ndinapsa mtima mpaka Lolemba.
Ndinauza mkazi wanga kuti a m'tauni alibe ulemu.
Iye anangofunsa, "Nanga Aizirekyo ndi wa kwa yani?"
ndipo ndinapeza kuti nkhope yake sindikuikumbuka bwino.

Nayenso mlendoyo anaphonya, ndisabise.
Anakonza kalasi ya masana ya ana otsalira m'mbuyo.
Tinadikira awiriwiri, mbaula ikuzirala,
osabwera ndi mmodzi yemwe.
Ndinamutulutsa panja n'kumulozera kuphiri:
dzuwa likulowa isanakwane faifi,
ana athu ali timadontho pachipale, akukusa nkhosa.
Anaseka, n'kufufuta tsamba lonse.
"Ndiye inu mukanatani?"
Funso limenelo palibe anali atandifunsapo
chiyambire ntchito.

Tinasuntha mabenchi.
Ndinaphunzira kuwerenga mpaka khumi chamumtima
ndisanasankhe dzanja.
Tsiku lina Aizirek anagawa mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri
mwa njira yake, ya kukhola,
yachidule kuposa yanga.

Chipale chitasungunuka, ndalama za pulojekiti zinatha.
Basi imabwerabe Lachinayi,
kutsitsa ufa, makalata, ndi agogo ochokera kuchipatala.
A Sabyrbek akuti, "Si ndinanena?"
Sindiwayankha.

Masiku ena ndimapatsa mwana choko
n'kukakhala ndekha pa benchi ija.
Utsi wa mbaula umalowa m'maso.
Chitoliro chimatchinga theka la bolodi,
ndipo zimene ndimalemba m'munsi
sizioneka n'komwe.
Zaka zonsezi, palibe mwana anandiuzapo.