Fumbi la Pansi pa Bokosi

Loweruka m'mawa ku Kabwata. Magetsi apita kale,
furiji yaleka kung'ung'udza, mkaka wayamba kufunda.
Masauso akugwedeza bokosi la makonifulekisi pakhutu
ngati dokotala womvera chifuwa cha wodwala.
"Mwangotsala fumbi. Wadya usiku ndani?"
Palibe woyankha.
Supuni yanga ndinaitsuka mbandakucha.

Tagawana fumbilo m'mbale zitatu.
Zondiwe amadikira kuti zake zinyowe, zilefuke,
Masauso amafuna zolira m'mano,
akuti kudya zonyowa n'kutafuna nyuzipepala ya dzulo.
Ine ndilibe mbali, ndimangowonjezera shuga.

"Mukukumbuka," akutero Zondiwe,
"tinkaziona pa wailesi yakanema pokha izi?
Kamwana kaja kothira mkaka mpaka kusefukira patebulo
amayi ake n'kumangomwetulira.
Ukanayesa iwe kwathu ku Chilenje!"

Basi, tabwerera kwa a Chilufya,
nyumba yokhayo yokhala ndi kanema mumsewu wonse.
Kusamba mapazi pampopi usanalowe,
kukhala pasimenti yofiira yonunkha polishi,
ana khumi ndi anayi, mawondo m'misana ya anzathu.
Tinkafika dzuwa likadali pamwamba
kudzayang'ana mizeremizere yosasuntha
ndi kaphokoso kaja kamodzi, tiiiii,
ndipo sitinkatopa nako.
Kanemayo anali ndi nsalu yake yoluka
ndi kagalu kadongo pamwamba.

Mphepo ikawomba anthu ankasanduka mchenga.
Wotumidwa panja anali Masauso, wamtali kuposa tonse:
"Tembenuza! Apo! Ayi, bwerera pang'ono! Gwira pomwepo!"
Iye n'kuima mumdima, atakumbatira nsungwi ya eriyo,
akumva kuseka kwathu kudzera pazenera.
"Zaka zitatu," akutero lero, akunyambita supuni,
"sindinaonepo mapeto a filimu ngakhale imodzi."

Zondiwe akuyang'ana nthawi pafoni.
Masana ali ndi zoyeserera m'tauni,
sewero la nyimbo, la amayi a pamsika wa Soweto.
Iye ndi wogulitsa tomato wachitatu kuchokera kumanzere,
mizere iwiri yokha, koma wakhala akuiimba m'bafa mwezi wathunthu
mpaka a flati yapamwamba anailoweza.

"Chimene sindimvetsa," akutero Masauso,
"munthu wakubera ndalama, iwe n'kuyamba kuimba?
Mwamuna wakuthawa, iwe n'kuvina ndi dengu pamutu?
Bwanji osangolankhula?"
Zondiwe akuika mbale pansi.
"Nanga pamaliro a atate tinkatani usiku wonse?
Tinkalankhula?"

Khwangwala watera pa thanki yamadzi.
Pansi wina akukuwa kuti makala, makala.
Ine ndikuzunguza supuni mumkaka wotsala.

Kenako ndi Masauso yemwe, wodana ndi zoimbaimba,
wayamba kung'ung'udza kanyimbo ka malonda aja,
ka kamwana kothira mkaka.
Mawu tonse tinaiwala,
tikungodzaza ndi la-la-la ndi dzina la sopo wina
amene anasowa m'masitolo tisanamalize sukulu.
Zondiwe akukwera pamwamba, ine ndikugunda tebulo,
bokosi lopanda kanthu lasanduka chisekese.

Magetsi abwera mwadzidzidzi.
Kanema wamkulu wapakhoma wadzuka yekha,
matchanelo mazana awiri, nkhope zoyera ngati zochapa,
palibe woti akagwire nsungwi.
Palibenso amene watembenuka.

"Nanga ija ya wapolisi wa chipewa chachikulu,"
akufunsa Masauso, "inatha bwanji?"
Ine ndikuti anamugwira wakubayo pa mlatho.
Zondiwe akuti bodza, wakubayo anali mchimwene wake.
Mwina tonse tinali titagona pasimenti paja,
a Chilufya n'kutinyamula mmodzimmodzi.

Masauso akupendeka mbale, akumwa mkaka wotsekemera,
ndevu zayera.
"Tikiti ya sewero lakolo ndi zingati?
Koma undipezere mpando wamkati.
Ndikufuna ndione mpaka pothera."